Thabwa Lotsiriza la Bambo Odet Brossard

Malemu anabadwa pa 3 Febuluwale 1478 kuno ku Lyon. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anaphunzira kwa ansembe zaka zitatu, kenaka anachotsedwa chifukwa chosema mabenchi.

Mu 1491 anayamba kuphunzira kusema zithunzi pa matabwa osindikizira mabuku. Mu 1503 anakwatira mayi athu, a Pernette, ndipo chaka chomwecho analowa ntchito kwa bambo Ennemond Chavassieu, osindikiza mabuku a mankhwala, amene akhala kutsogoloku.

Anasema zitsamba, mizu, miyala, ngakhale nyanga za nyama zimene sanazionepo. Anzawo ankangokopera m'mabuku akale, koma iwo chitsamba ankafuna achigwire kaye m'manja. Pathebulo pathu pankakhala udzu wambiri kuposa buledi. Ine, Clauda, mwana wawo wotsiriza, anandiphunzitsa kuwerenga kuti ndiziwawerengera maina a pansi pa zithunzi.

Mu 1529 maso anasiya kuona, ndipo anapuma ntchito. Buku latsopano la chaka chatha sanalione. Anangolisisita chikuto.

Mwezi watha anadwala chifuwa. Anandituma muzu wa angélique, chitsamba chochiza chifuwa. Ndinatenga bukulo, ndinapeza dzina, ndinatsika kumtsinje n'kukumba chomera chofanana ndendende ndi chithunzi. Ndinawiritsa, anamwa. Anamwalira Lachiwiri masana, pa 14 Malichi 1531.

Chithunzicho chinali cha ciguë, chitsamba chakupha. Bambo anachisema bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindinaphonye. Thabwa la angélique linang'aluka, ndiye kosindikizira anangoikapo linzake pamwamba pa dzinalo. Nditakafunsa Lachinayi, bambo Chavassieu anati, "Mwanawe, tsamba ndi tsamba. Aliyense amatero. Ukufuna ndiotche mabuku mazana atatu?"

Bukulo adzalisindikizanso Lolemba likubwerali.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Tikuthokoza ansembe, amisiri anzawo amene anyamula bokosi, ndi mayi Guillemette amene anasambitsa thupi. Tikuthokozanso bambo Chavassieu chifukwa cha makandulo. Ndi aakulu ndithu. Koma banja likupempha, pamaso pa anthu onsewa, kuti thabwa la ciguë lija atipatse lero, manda asanakwiriridwe, lipite limodzi ndi mwini wake. Okumba manda avomera kudikira. Kosindikizira si kutali.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.