Mayi athu ndi mazira a hatchi

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1974, achiwiri m'banja la ana asanu. Bambo awo ankaweta nkhumba, ndipo agogo amati mwanayu ankachedwa kusukulu chifukwa chosuzumira m'khola. Mu 1998 anamaliza maphunziro a udokotala wa ziweto. Mu 2003 anakwatiwa ndi bambo athu, omwe ndi amakanika.

Mu 2007 anayamba ntchito ya kafukufuku. Akuluakulu mutikhululukire, titchula za kubereka pamaliro, koma ndiyo inali ntchito yawo, ndipo iwo sankainong'ona. M'thupi la nyama yaikazi muli kanjira komwe dzira limakumana ndi mbewu ya mphongo. Malemu ankafufuza mapuloteni a m'timadzi ta m'kanjirako. Ankati mukatengera dzira la nkhumba m'mbale ya galasi, limalowetsa mbewu zambirimbiri mpaka kuonongeka, pomwe la hatchi limakana ngakhale imodzi. Ankaseka kuti nkhumba ilibe chitseko, hatchi ilibe khomo.

Tinjirato ankakatenga okha kophera nyama, n'kutiika m'fulasiki kuti tisazizire panjira. Anyamata a kumeneko ankawatchula Mayi Matumbo, iwo n'kumavomera. Kunyumba tinali ndi lamulo limodzi: fulasiki yofiira si ya tiyi. Bambo anaphunzira lamuloli mochedwa.

Mu 2022 anayamba kuviika mazira a hatchi m'timadzi ta nkhumba. Anzawo ena ankati n'kutaya nthawi. Kawiri konse mazirawo analandira mbewu. Malemu sanalole kuti tisangalale, ankati ziwiri zikhoza kukhala mwayi, mpaka zitabwerezedwa kachitatu.

Anayamba kudwala mu Januwale chaka chino. Manja atayamba kunjenjemera, ankakhala pampando pakona ya labotale, mayi wowathandizira akugwira ntchito, iwo akulangiza ndi pakamwa. Ife ana tinkafuna azikhala kunyumba, ndipo zinkatipweteka, koma sitinawauze. Anatisiya pa 14 Okutobala, kuyesa kwachitatu kusanachitike.

Tamva kuti akuluakulu a kuntchito akufuna kutseka labotaleyo chaka chikamatha ndi kuzimitsa firiji momwe muli timadzi tomwe malemu anasonkhanitsa. Abwana, tikukuonani mwakhala kutsogoloku. Banja lakambirana ndipo landituma kunena pamaso pa anthu onsewa kuti musazimitse. Mayi wothandizira uja avomera kumaliza. Bambo ati firijiyo ikamavuta, aziikonza okha. Makiyi a labotale omwe munatumiza munthu kudzatenga dzana, tawapereka, koma m'manja mwa mayi wothandizirayo.

Malemu asiya mwamuna, ana atatu, mayi awo owabereka ndi alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino a m'chipinda chomwe anagonekedwa kuchipatala, aneba amene mwagona nafe pano, ndi anyamata a kophera nyama amene mwapempha kunyamula nawo bokosi.

Amayi, gonani mumtendere. Zotsalazo zisiyeni, tiziyang'anira ife.