Mbiri ya bambo Jared Thombozi ndi Chisakasa Chawo cha Matayala

Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa, abale ndi anansi nonse. Ine ndine Sam. Mayi amasiyewa ndi achemwali anga. Malemu anali alamu anga. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Kuno kumanda kukuzizira, ndiye sinditaya nthawi.

Amene tikuwaika lero ndi bambo Jared Cornelio Thombozi. Anabadwa pa 9 March 1964. Kwawo ndi ku Chiyendausiku, Mfumu Yaikulu Nsamala, boma la Balaka. Anali achitatu m'banja la ana 7.

Pulayimale anaphunzira ku Balaka komweko. Sekondale anakaphunzira ku Zomba, ndipo anamaliza Folomu 4 mu 1983. Kenako anapita ku Soche kukaphunzira umakaniko. Mu 1987 anayamba ntchito m'galaja ya kampani ya mabasi ku Blantyre. Anagwirako zaka 18. Anzawo amati basi ikamalowa pageti, iwo anali atamva kale chimene chikuivuta.

Mu 1993 anamanga ukwati woyera ndi mayi Getrude, ku Limbe, kwathu. Ine ndinawadziwa chaka chimenecho. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti ndimayenda ngati munthu amene basi ikumusiya. Maganizo amenewo sanawasinthe mpaka kumwalira kwawo. Mulungu anadalitsa banjali ndi ana atatu, woyamba ndi Mwaiwawo.

Mu 2008 anabwera kuno ku Ireland ndi banja lawo, kudzapempha malo. Anakhala mu hositelo ya anthu odikira mapepala zaka 6. Chipinda chimodzi, anthu asanu. Ntchito yosaloledwa. Kuphika kosaloledwa. Ambiri mwa inu mukuudziwa moyo umenewo, sindiufotokoza. Manja a makaniko anangokhala pamaondo. Mapepala anatuluka mu 2014. Anayamba ntchito yosamalira okalamba, ndipo anaigwira zaka 10 popanda dandaulo. Banja linapeza fulati ku Rathmines, pamwamba pa nyumba yakale. Zipinda ziwiri ndi masitepe opapatiza.

Mu 2017 anagula kampavani. Kwa abale akumudzi amene mukumvera pafoni, iyi ndi galimoto imene mkati mwake muli bedi, tebulo, chitofu cha gasi, sinki ndi kachimbudzi. Anaigula kwa mkulu wina wa ku Skerries, amene anawalolanso kuti aziiimika kuseri kwa nyumba yake. Inali ya 1999. Yoyera, koma kuyera kotopa. Denga linkadontha. Achemwali ataiona anangofunsa kuti ameneyu ndiye mkazi mnzanga? Dzinalo linakhala. Ananenetsa kuti iwo sadzakhudza ngakhale chitseko chake. Malemu anayankha modekha. Anati zaka 6 kiyi wa chitseko chawo anali ndi munthu wina. Tsopano akufuna nyumba yoti malo akawatopetsa, angoliza injini.

Tinayenda nayo. Wicklow, Kerry, Donegal. Ine sindikhalitsa pamalo, ndiye mpando wakutsogolo unali wanga. Koma maulendo athu sankafanana. Ine ndinkafuna kufika. Iwo ankafuna kumvetsera injini. Loweruka lililonse lopanda shifiti anali ku Skerries, atavala ovolosi. Denga analimata okha. Dzimbiri la pansi analipala okha. Kumayeso a galimoto a chaka ndi chaka inkakhoza ulendo woyamba, ndipo tsiku limenelo ankaimbira foni aliyense.

Cholakwa chawo chachikulu chinali chimodzi. Munthu wa ku Balaka anali asanaonepo madzi akung'amba chitsulo. Mwamva kutentha kwa ku Balaka. Chisanu chachikulu chija cha March 2018 chinapeza madzi ali m'thanki, m'mapaipi ndi m'boyila. Madzi anaundana ngati mwala, n'kufufuma. Boyila inang'ambika. Kutafunda, madzi onse anatsikira pansi, matabwa n'kuwola. Boyila yomweyo ndi imene imafunditsanso mkati. Ikafa, galimoto yonse imasanduka firiji. Anaikonza miyezi inayi. Kuyambira pamenepo anaika lamulo. Loweruka loyamba la November, madzi onse atuluke. Kutsegula mipopi yonse. Kukweza kavalavu kachikasu kamene kali pansi pa mpando. Kuuzira m'paipi ya shawa mpaka dontho lomaliza. Kumasula batire. Lamuloli ankalisunga ngati Sabata.

Chaka chomwecho tinataya mnzathu wina kuno ku Dublin. Mwambo wathu mukuudziwa. Amayi amakhala m'nyumba ndi namfedwa. Abambo amakhala panja. Koma kuno kulibe panja. Abambo tinaima pamasitepe, ena mumsewu, mvula ikugwa. Maneba anadandaula. Apolisi anabwera, mwaulemu ndithu, koma anabwera. Namfedwa anachita manyazi pamwamba pa chisoni. Bambo Thombozi anakwera sitima kupita ku Skerries, n'kubwera ndi kampavani. Anaiimika pakhomo. Anayatsa gasi, n'kutereka ketulo. Abambo 9 tinakwanamo. A Wilbroad, m'bale wathu wa ku Zambia, atakhala pansi anati ichi ndiye chisakasa cha maliro, koma cha matayala. Dzina lachiwiri linabadwa pamenepo.

Kuchokera tsiku limenelo, uthenga wa maliro ukamveka, anthu ankayamba kufunsa ngati a Thombozi amva. Maliro a kuno, ngakhale a kumudzi amene timangokhuza patali, Chisakasa chinkafika. Tallaght, Blanchardstown, Balbriggan. Amalawi, a ku Zambia, sankasankha. Madzi ankanyamula m'zigubu. Malamulo a mkatimo anali awiri. Nsapato zamatope zitsale pakhomo. Mabowo olowera mpweya asatsekedwe. Lachiwirili tinkaliphonya. Ife tikamva kamphepo timathamangira kutseka bowo. Tsiku lina wina anatseka ndi chipewa. Sinditchula dzina, ali pompano. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva malemu akukalipa. Anati moto wa gasi ukasowa mpweya umapha mwakachetechete, ndipo iwo sanabwere kudzawonjezera maliro.

Pa za mpingo, anali mkulu wa mpingo wathu kuyambira 2016. Sankakonda kulalikira. Ankati mawu ndi a ena, iwo apatsidwe zonyamula. Mipando, mapoto, masipika, zonse zinkayenda m'galimoto yomweyo.

Mu April 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala anapeza khansa. Analandira mankhwala miyezi ingapo, akuchokera kunyumba. Mu October anagonekedwa kuchipatala ku Beaumont. Anamwino, ena mwa inu muli pano, munawasamala bwino. Banja likuthokoza.

Tsopano ndifika pa gawo limene ndapempha banja kuti lindilole kuwerenga.

Atagonekedwa anandiitana. Anati imfa sakuiopa. Anati aikidwe kuno, kumene kuli ana awo. Koma chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere. Sankafuna kuti pamaliro awo abambo adzaime pamasitepe a ku Rathmines. Sankafuna kuti akazi awo adzaone apolisi pakhomo. Anatulutsa makiyi pansi pa pilo. Anati, "Alamu, Loweruka loyamba la November mukachotse madzi. Chisakasa chimenechi chikhala ndi ntchito chisanu chisanathe."

Ndinalandira makiyi. Ndinavomera.

Loweruka linafika. Kuntchito kwanga kunatuluka ulendo wokatula katundu ku Cork. Ndinapita. Ndinadziuza kuti ndichita sabata yamawa. Lamulungu ndinakawaona kuchipatala. Funso loyamba linali la madzi. Ndinati ndachotsa. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kuyamba nkhani ya mpira.

Sabata yamawayo ndinali ku Liverpool. Inayo ku Belfast. Ndikamabwera kuno ndinkawapeza atafooka, ndiye za galimoto sitinkakamba. Khirisimasi inadutsa. Kumayambiriro kwa January chisanu chinagwa, nonse mukuchikumbukira. Ndinaona pafoni, mayinasi 6. Ndinadziwa kuti zatha. Boyila yang'ambika, matabwa anyowa. Ku Skerries sindinapite, ndinaopa kukaona. Kuchipatala ndinkakhala kumapazi kwa bedi, osatha kuwayang'ana kumaso. Ndinali nditanamiza munthu wodwala, pa chinthu chokhacho chimene anandipempha.

Bambo Jared Thombozi anatisiya Lachiwiri pa 14 January 2025, cha m'ma 3 koloko masana. Ululu unali utaleka. Akazi awo anali atawagwira dzanja, ana ali pomwepo. Anapita ngati munthu amene wagona atamaliza ntchito. Miyezi 9 ya kuvutika inatha. Tinalira, koma tinathokozanso.

Lachitatu mmawa anthu anali atayamba kale kufika ku Rathmines. A Wilbroad anaimba foni, kufunsa kuti Chisakasa chifika nthawi yanji. Ndinakwera sitima ya ku Skerries. Njira yonse ndinkakonza mawu okauza achemwali. Sindinapeze ngakhale amodzi.

Ndinatsegula chitseko. Ndinagwada, n'kugwira pansi. Pouma. Ndinayang'ana pasinki. Mpopi wotsegula. Kushawa, wotsegula. Ndinakweza mpando. Kavalavu kachikasu kaja kali chilili. Boyila yabwinobwino, yopanda dontho. Batire yomasulidwa, mawaya atakulungidwa bwino. Pambali pa mpando panali chitenje chopinda kanayi, cha munthu amene anagwadapo. Chitenjecho ndinkachidziwa. Ndinagula ndine ku Limbe.

Ndinamanga batire. Injini inalira ulendo wachiwiri. Ndinayatsa gasi, mpweya wofunda n'kuyamba kutuluka kumapazi. Ndinakhala pampando wa alamu anga kwa kanthawi.

Nditafika nayo ku Rathmines ndinapeza achemwali ali pamatiresi, pakati pa amayi. Ndinagwada, n'kuwapatsa chitenje chawo. Anandiuza okha, motsitsa mawu. Lamulungu lija, ine nditangotuluka mu wodi, malemu anawaitana pafupi. Anati, "Mayi a Mwai, mlongo wanu uja sanachotse madzi. Akamanama amayang'ana pawindo."

Mawa lake, Lolemba, achemwali anatenga kiyi wapadera, n'kukwera sitima ya ku Skerries. Munthu amene analumbira zaka 7 kuti sadzakhudza chitseko. Anaimika foni pasinki, malemu akuwaona ali pabedi lakuchipatala. Tsegulani uwo. Kwezani ako. Ayi, kachikasuko. Anagwada. Anauzira m'paipi ya shawa mpaka masaya kuwawa. Akuti ntchito yonseyo ankaigwira akumunena mkazi mnzawoyo, kuti wawalanda Loweruka lililonse, lero akufunanso kusambitsidwa. Malemu anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona chimene chachitika. Achemwali akuti kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kwenikweni.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati malemu anakaniza. Anati musiyeni, adzapita yekha, akadzapeza pansi pouma adzapuma.

Ndapuma, alamu. Simunapite mutanamizidwa. Munadziwa, n'kukonza, ngati mmene munkakonzera chilichonse. Bodza lija ndaliulula pano pamaso pa anthu, kuti lisatsike nanu m'manda.

Masiku onse a maliro Chisakasa chinaima pakhomo. Mayi Louisa, neba wawo wachiairishi, anachotsa galimoto yawo n'kutipatsa malo. Abambo tinkasinthana, 9 nthawi imodzi. Ketulo sinazime. Bowo la mpweya palibe analitseka, ngakhale mwini chipewa uja. Pamasitepe sipanaime munthu. Wapolisi sanabwere. Achemwali analira amuna awo mwaulemu, monga momwe malemu anafunira. Galimotoyo ndi iyo mukuiona pageti. Yatiperekeza mpaka kuno.

Ena mwafunsa kuti tsopano ikhala ya yani. Makiyi onse awiri ali ndi achemwali. N'koyenera. Anena kuti sakugulitsa. Anena kuti pakagwa zovuta, muziimba foni ngati kale, Chisakasa chidzafika. Ine andilemba ntchito yoyendetsa Chisakasacho basi. Za madzi aziona okha. Koma Loweruka loyamba la November ndidzakhala ku Skerries, ngakhale atandiitana ku Cork.

Malemu asiya akazi awo, mayi Getrude Thombozi. Asiya ana atatu: Mwaiwawo, Blessed ndi Chiso. Asiya zidzukulu ziwiri, Yande ndi Womba. Ku Balaka asiya achemwali awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi, amene akutimvera pafoni. Asiyanso alamu, ana a abale, mpingo, ndi abambo onse amene anafundapo m'galimoto ija.

Bambo Thombozi anafunditsa ambiri pa tsiku lozizira. Ambuye awalandire pofunda. Apumule mu mtendere.