Dengu Lachitatu Sindinajambule

Abusa, akulu a mpingo, abambo ndi amayi, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Sabata labwino kwa nonse. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, ndipo mundipirire, pakuti ine kuyankhula pagulu ndaphunzira imvi zitayamba kale.

Ambiri mukundidziwa. Ndimakhala ku makomboni a kumtunda kuja, ntchito yanga ndi yothyola tiyi. Mayi anga anachokera ku Mozambiki ali mtsikana, anafikira pa esiteti yomweyi, anabereka dengu mpaka msana unapindika. Ine ndinalandira dengulo ndisanathe n'komwe msinkhu. Tiyi woti ife a mpingo uno sitimwa, abale, koma taonani mmene wadyera zala zangazi.

Ndiye ndinali ndi pemphero limodzi. Ena amapempha nyumba ya malata, ena njinga. Ine ndinkati, Ambuye, dengu ili lithere pa ine, mwana wanga Esinati asadzalibereke. Ntchitoyi sindikuinyoza ayi, yatilera. Koma anthu awiri m'banja limodzi takwana.

Esinati anasankhidwa kupita ku sekondale, ine n'kumati Mulungu wayankha. Ali Fomu 2, anatenga pathupi. Sindikuulula chinsinsi, nonse munaona, ndipo mwini wake wandilola kuti ndinene. Mnyamatayo anakwera minibasi ya ku Limbe kuti akafune ntchito, mpaka lero akadali m'njira.

Mwana anabadwa bwinobwino, kamtsikana. Nditapita kusukulu kwake kukafunsa, ahedi anandiuza kuti masiku ano boma limalola, Esinati abwere mu Januwale adzayambirenso. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Koma nditamuuza, anangoyang'ana pansi.

"Amayi, sindipitako. Akandiseka. Mkaka ukadzangodontha pa yunifomu, kalasi yonse idzafa nalo phwete. Mvula ikayamba mukandinenere kwa akapitawo andilembe, ndizithyola nanu."

Mukudziwa inu, mvula ikagwa tiyi amaphuka, esiteti imalemba anthu atsopano. Ndipo amene wabereka dengu kamodzi, kulitula n'kovuta. Ndinati, mwanawe, manyazi sapha munthu. Iye anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Inu mungawadziwe bwanji manyazi a m'kalasi? Munalowamo liti?"

Ndinapsa mtima, abale. Ndinapsa mtima kwambiri. Koma mwanayo sananame, ine m'kalasi ndinali ndisanalowemo. Ndinati, chabwino, ndikalowamo. Ndikaone ndekha manyaziwo kuti ndi aakulu bwanji.

Inali nthawi yozizira ya chiperoni, tiyi atachepa m'munda, tikuweruka msanga. Kusukulu ya pulayimale ija kunali sukulu ya kwacha masana, ana akaweruka. Aphunzitsi ake anali amayi ena opuma pa uphunzitsi, ochokera ku Luchenza pa njinga. Sankaphunzitsa kuwerenga kokha ayi, ankaphunzitsanso mbiri, nyimbo ndi kujambula. Nditawauza bambo a kunyumba kuti ndikukayamba, ali apo, musawacheukire, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi a Esinati, kodi mukufuna mukakhale a DC ku Boma?"

Ndinati, mudzaona. Ndinamanga mpango, ulendo.

Tsiku loyamba desiki inandikana, maondo osalowa. Ana anadzaza m'mawindo, akukuwa kuti agogo ali Sitandade 1. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandivuta ndi pensulo.

Amayi anzanga othyola tiyi, ndinu mboni zanga. Pothyola, chala chachikulu ndi chamkombaphala zimagwira kansonga kanthete, n'kupinda, thyo. Kuyambira m'mawa mpaka pa sikelo, thyo, thyo, chaka ndi chaka. Zala sizifunsanso mutu. Ndiye aphunzitsi atandipatsa pensulo, zala zinangomva kuti kanthu kowonda kansonga kafika. Ndisanamalize n'komwe chilembo chimodzi, thyo. Anandisongolera. Thyo. Mnzanga anandibwereka yake. Thyo. Kalasi yonse inagwa n'kuseka, nkhalamba zinzanga zomwe, zopanda mano zomwe.

Kunyumba, bambo aja ankasongola pensulozo ndi mpeni wawo wodulira tiyi, uku akung'ung'udza kuti kapena ndikumazidya. Koma kusongola sanasiye, pamenepo ndiwayamikire. Esinati amangoonerera ali ndi mwana pamiyendo.

"Mwaona, amayi? Siyani. Mukungodzichotsa ulemu."

Ndinati sindisiya. Mumtima ndinkalira, koma pakamwa ndinati sindisiya. Ndinadziwa kuti tsiku limene ine ndisiye, iyenso nkhani ya sukulu yatha.

Tsiku lina aphunzitsi anaima pambali panga, osayang'ana kope, kungoyang'ana dzanja. Kenaka anandilanda pensulo. Ndinati basi, andithamangitsa. Koma anatuluka, n'kubwera ndi makala komanso pepala la thumba la simenti, n'kuliyala pansi.

"Mayi, mutu wanu ulibe vuto. Dzanja ili ndi limene lazolowera kuthyola. Tiliphunzitse kuyenda. Jambulani chinthu chachikulu, ndi mkono wonse, chilichonse chimene mumachidziwa."

Ndinagwada pansipo, ndinajambula tsamba la tiyi lalikulu ngati lichero. Tsiku lina ndinajambula dengu. Tsiku linanso ndinajambula mayi ataweramira m'munda. Makala akathyoka palibe amene amadandaula, umangotola kachidutswako n'kupitiriza. Pang'onopang'ono dzanja linafewa. Pamene anandibwezera pensulo, ndinalemba dzina langa lonse nsonga ili chilili.

Ndiye panali phunziro la mbiri. Ine ndinkayesa mbiri ndi nkhani za azungu ndi anthu otchuka. Koma aphunzitsi anafotokoza za anthu amene anawoloka malire kuthawa nkhanza kwawo, n'kudzapeza thangata kuno, kugwira ntchito kuti angopatsidwa pogona. Ndinati, aphunzitsi, amenewo ndi mayi anga. Anati, inde, ndi mayi anu, tiuzeni zimene ankanena. Ndinayankhula tsiku limenelo misozi ikutsika. Ndinali ndisanadziwe kuti mayi anga, amene ankayankhula Chilomwe chokhachokha, ali m'maphunziro.

Mitambo inayamba kusonkhana, mvula ili pafupi, Esinati maganizo ake omwe aja. Aphunzitsi anati potseka chaka pakhala chionetsero, aliyense adzaime pagulu aonetse chimene waphunzira. Ine ndinalumikiza mapepala a simenti, ndinajambula akazi atatu atandondozana pamzere wa tiyi. Woyamba ndi dengu. Wachiwiri ndi dengu. Wachitatu msana wopanda kanthu. M'munsi ndinalembamo mawu ochepa a mbiri ya banja lathu, ndi dzanja langali.

Tsikulo anthu anabwera, musanene. Akapitawo analipo, ana a sekondale analipo, anzake a Esinati omwe ankawaopa aja. Iye anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, mwana kumsana, kuti zikavuta athawe msanga.

Dzina langa litatchulidwa ndinaimirira, ndinatambasula chithunzicho, ndinayamba kuwerenga. Mawu oyamba anatuluka. Achiwiri anandisokonekera. Thukuta linali kamukamu, ndiye ndinapukuta kumaso ndi dzanja, osakumbuka kuti dzanjalo lagwira makala. Nkhope yonse bii, ngati kunsi kwa mphika.

Anthu anaseka, abale. Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ndinaona Esinati waweramitsa mutu, dzanja lili pachitseko. Miyendo yanga inati tiye tithawe. Ndinapemphera mumtima pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo: Ambuye, ndigwireni maondo. Ndipo anandigwira. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Sekani, ndikudikirani. Mukamaliza ndipitiriza."

Anasekanso kwambiri. Ine chiimire. Anaseka, ine chiimire. Kenaka phwete lija linayamba kuchepa, uyu wasiya, uyo wasiya, mpaka m'kalasi monse zii. Ndikuuzeni chimene ndinaphunzira pamenepo, inu amene mukuopa anthu: kuseka kumatha. Munthu sangaseke mpaka dzuwa kulowa, nthiti zimawawa. Atatopa, ndinawerenga mawu anga onse mpaka pomaliza, makala ali kumaso.

Aphunzitsi anafunsa kuti, nanga mayi wachitatuyu bwanji alibe dengu? Ndinati, woyambayu ndi mayi anga, wachiwiriyu ndine, wachitatuyu ndi mwana wanga. Pamsana pakepo sindinajambule kanthu chifukwa si ine woyenera kusankha. Mwini wake ndi amene anene choti chikhalepo. Sindinamuyang'ane ponena zimenezo, ndinkaopa kulira.

Sabata yomweyo mvula inagwa yamphamvu, akapitawo n'kulengeza kuti Lolemba akulemba anthu. Lolembalo m'mawa ndinamva anthu akudutsa kulowera ku ofesi, ndikayang'ana pamphasa ya Esinati, palibe. Mtima wanga unagwa. Ndinati, Ambuye, ndathyola pensulo zonse zija pachabe?

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Ndinamupeza atakhala pamwala, yunifomu yake yakale ili pamiyendo, akuisomola ulusi ndi mano.

"Amayi, yandithina pachifuwa. Singano ija muli nayo?"

Abale, singano ndinali nayo.

Lero Esinati ali Fomu 4. Musaganize kuti sanamuseke, anamuseka ndithu. Akuti amangopinda manja n'kuwadikira. Mdzukulu wanga ndimapita naye ine kusukulu ya kwacha, ndimamubereka pamalo pomwe pamakhala dengu. Chithunzi chija chili pakhoma kunyumba. Pamsana wa mayi wachitatu, Esinati anajambulapo yekha chikwama cha mabuku. Kujambula sadziwa mwanayu, chikwamacho chikuoneka ngati dzungu, koma ndinamuletsa kufufuta.

Ineyo sukulu sindinasiye, ndipo sindisiya. Ndinalowa chifukwa cha mwana, koma tsopano ndikupitira ndekha. Chaka chino tikuphunzira kuwerenga nyimbo za m'buku, ndiye akwaya konzekani, ndikubwera. Amayi anzanga amene mukuti mwakula, tiyi amene timathyolayu anabzalidwa ife tisanabadwe, koma akamudulira amaphukanso. Bwerani Lachiwiri masana. Mutenge pensulo ziwiri, yoyambayo muthyola.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira maondo. Ndikuthokoza aphunzitsi aja, ndi bambo a kunyumba ndi mpeni wawo. Esinati, taimirira mwanawe, anthu akuone. Tembenuka. Taonani msana umenewo, mpingo wa Mulungu, ulibe dengu. Kondwerani nane, ndipo amene akuti Ambuye ndi wabwino anene kuti Ameni.