Mboni ya Kudepoti ya Basi

Lachisanu masana, magetsi atathima monga amachitira ku Khulna, Dokotala Tahmina Gazi anayala mapepala ake pabedi n'kuyamba kuwaika m'milu. Loya wake wa ku Amereka ankafuna kuti sabata isanathe alandire umboni wonse wosonyeza kuti mayi wofufuza za mpunga wopirira madzi amchereyu ndi katswiri woposa anzake, woyenera kuloledwa kukakhala kumeneko. Bambo ake, a Mozammel, omwe anapuma pantchito ya njanji, anali atalumbira kuti amuthandiza, afune asafune.

Analowa atanyamula chikho chadzimbiri n'kuchikhazika pamulu woyamba.

"Abba, n'chiyaninso chimenechi?"

"Mphotho. Si unati loya akufuna mphotho?"

"Za sayansi. Ichi ndinalandira pothamanga ndi supuni kukamwa ndili kupulayimale."

"Anzako unawaposa kapena sunawapose?"

"Ndinawaposa."

"Basitu. Chikho ndi chikho."

Tahmina sanali munthu wogonja msanga. Pantchito ankamudziwa kuti akati mbewu iyi imera, amailondera mpaka imere ndi manyazi. Anachotsa chikhocho, n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti mulu wachiwiriwo ndi wa anthu amene anatchulapo dzina lake.

"Ukananena kale," anatero mkuluyo, nkhope ili ngwee. "Tauni yonseyi imakutchula. Pogulitsira tiyi paja tsiku silidutsa."

"Amati chiyani?"

"Amati mwana wa Gazi uja wakula, anzake ana ali kusukulu, iye ali kalikiliki kucheza ndi mpunga."

"Abba, kutchula kwake n'kwa m'zolemba."

"Azakhali ako amalembatu. Pafoni. Ndikasindikize?"

Mwanayo anadzikupiza ndi envulopu. Anapita pamulu wachitatu, wosonyeza kuti anaweruzapo ntchito za akatswiri anzake. A Mozammel anati pamenepo m'posavuta, iwo eni akhoza kukalumbira kukhoti kuti chibadwire Tahmina sanadyepo ndiwo za munthu osapereka chigamulo. Anawonjeza kuti wantchito wophika anathawa chifukwa chomwecho, ndipo akadzamufuna amadziwa kumene akukhala.

Chimene chinkamudya mumtima Tahmina chinali malo a mulu wachinayi, pamene panalibe ngakhale pepala limodzi. Loya anali atanenetsa kuti pakufunika mboni zoima pazokha, anthu oti sanagwirepo naye ntchito, osamudziwa n'komwe. Analembera maprofesa a kunja, onse anangoti zii. Anadandaula mokweza, osati kuti bambo akewo amve, koma kungotulutsa mpweya.

"Imeneyo ndathana nayo kale," anatero a Mozammel, akusisita ndevu. "Tasuzumira pakhonde."

Pakhonde panali bambo wina wowonda, ambulera ili pamiyendo, akutokosa m'mano mwamtendere.

"Ndani ameneyo?"

"Waona? Nawenso sukumudziwa."

"Abba, ndikufunsa kuti ndani."

"Dzina sindinafunse, kuopa kuwononga umboni. Ndamupeza kudepoti ya basi. Ndati, Tahmina Gazi umamudziwa? Akuti ayi. Mdzukulu wa Gazi wa ku Paikgachha? Ayi. Dokotala wa mpunga? Akuti kodi mpunga umadwala? Mboni yoposa apa ungaipeze kuti?"

"Ayenera kukhala katswiri wa mpunga."

"Munthuyu wadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo chibadwire. Onatu imvizo."

"Ayenera kudziwa ntchito yanga, Abba. Ine asandidziwe, koma ntchito yanga aidziwe."

"Waidziwa."

"Waidziwa bwanji?"

"Mbale ziwiri."

Envulopu ija inaima m'malere. Tahmina anafunsa motsitsa mawu kuti akunena mpunga uti.

"Uja wa m'botolo lalikulu, lolembedwa manambala, m'kabati mwakomo. Ndinati munthu asachitire umboni chinthu chimene sanalawe, ndi tchimo. Ndamuphikira ndi nsomba."

"Imeneyo ndi mbewu. Mbewu yanga ya kafukufuku."

"Ndiye chifukwa chake ndinasankha imeneyo, osati wa kumsika."

"Ndiye wati chiyani?" Mawuwo anangotuluka okha, mwina chifukwa cha chizolowezi cha ntchito.

"Akuti ndi wabwino ndithu. Koma mchere unachepa."

Tahmina anakhala pansi, pamwamba penipeni pa mulu wachiwiri. Mbewuyo anaisankha ngala imodziimodzi m'minda ya kum'mwera, kumene madzi a m'nyanja amalowa n'kusiya nthaka ili mbuu. Yotsala kuntchito inali yochepa, yoti ayambirenso kuchulukitsa. Anatembenukira bambo akewo kuti awakalipire. Anaona mkulu wa ndevu zoyera, malaya omangidwa mabatani mopingasa, munthu amene chimwalirire mkazi wake ankadya ndi mwana mmodzi yekhayu. Munthu woyendetsa sitima zaka zonse zija osaphonya njira sangakhale wosamva chonchi, anaganiza motero. Akuchita dala. Sakufuna kutsala yekha, ndipo pakamwa pakukanika kunena.

Misozi inalengeza. Anayamba kusonkhanitsa milu ija pamodzi, osasamalanso kuti pepala liti lipita pati.

"Ndamva, Abba."

"Wamva chiyani?"

"Zimene mukulephera kunena. Mukanangondiuza, m'malo mophika mbewu yanga. Sindipita. Mawa ndimuuza loya asiye."

A Mozammel anagwira chitseko ngati pansi pagwedezeka.

"Supita kuti?"

"Ku Amereka. Ndikhala nanu konkuno. Ndikusamalani mpaka kalekale."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale, Abba."

Mkuluyo anasuzumira pakhonde, anatseka chitseko bwinobwino, n'kuyandikira akunong'ona.

"Iwe mwana, usandichititse manyazi. Mayi Ferdousi a kuseri kwa mzikiti avomera kuti ndiwakwatire, koma akuti m'nyumba muno saponda iwe usanakwere ndege. Bwezera mapepalawo m'milu yake. Ukuganiza kuti dzuwa lonseli ndikuvutikira sayansi?"