Mawu a Bambo Jerome Safeli Ali ndi Mwiniwake

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1976 ku Ntcheu, ndipo makolo anawatcha Jerome. Sukulu anaphunzira konko mpaka Folomu 2. Mu 2001 anamanga banja ndi Mayi Triza, amene akhala apawa.

Mu 2004 anabwera kuno ku Cape Town n'kuyamba kugulitsa maambulera ndi machaja pa siteshoni ya Wynberg, tebulo lawo moyandikana ndi langa, ine mkulu wawo. Enafe tinkakuwa mpaka kusasa mawu, koma iwo ayi. Ankasankha munthu mmodzi m'chigulu n'kumulankhula motsitsa, akumwetulira, ngati anadziwana kalekale. Munthu ankagula ambulera dzuwa likuswa mtengo! Zinkatiwawa, tisaname.

Mu 2012 mayi wina wa kampani ya mabasi opita kumudzi anadzagula chaja, atawamva anawatengera ku situdiyo kukajambula mawu. Kumeneko ena amavutika kulankhula ndi munthu amene sakumuona, koma iwo anangochita za pa Wynberg zomwe zija. Kuyambira pamenepo aliyense woimba foni ya mabasiwo amalandiridwa ndi mawu awo. Ife tikukuwabe pa siteshoni.

Koma amene zinawapweteka kwenikweni ndi alamu athuwa. Amayi ena, ndipo ena mwa inu muli pompano, munkaimba mulibe ulendo, kungofuna kumva bamboyo akuti takulandirani. Chonsecho kunyumba ankafika ali duu, ati akusunga pakhosi. Mayi Triza ankadandaula poyera kuti mawu okoma akudyerera ndi ena, iwo akulandira makombo.

Mu Januwale 2023 anawapeza ndi khansa ya pakhosi. Pofika Juni mawu anatheratu, ndipo anatisiya pa 9 Okutobala osatha kutsanzikana ndi akazi awo.

Akampani alola kuti mawu aja akhalebe pa foni mpaka mwezi uno uthe. Tsono anamfedwa andituma kwa inu, ndipo sakuseka: ngati mulibe ulendo, musaimbe. Mwawamva mokwanira. Masiku otsalawa asiyireni mwiniwake, poti kwina kowamvera alibe.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Alinane ndi Winnie, ndi ife abale. Tikuthokoza ampingo, anzawo a pa Wynberg, ndi nonse amene mwathandiza kuti thupi lipite kumudzi. Mng'ono wanga Jerome, pumitsani pakhosipo, mzimu wanu uuse mumtendere.