Bokosi la a Longwe Lilowe Kaye

Olemekezeka a Tcheyamani a chipani m'boma lino, a Meya a mzinda wathu wa Mzuzu, abusa ndi akulu a mpingo kuno ku Zolozolo, a Shehe ndi anzathu a kumsika amene mwatseka masitolo kuti mukhale nafe, amayi a kwaya amene mwaimba chiyambire m'mawa, maloya amene mwapirira dzuwa lonseli m'majekete akuda, amayi ndi abambo, monire mose.

Ine ndine NyaMhone, mkazi wa malemu Amos Longwe, amene dzina lawo mwalilemba pamwamba pa chitseko cha nyumba ya mabukuyi. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mawu awa ndawayankhula pang'onopang'ono mwana wanga Hilda akulemba, ndipo ndi iyeyo akukuwerengerani. Ndamuuza kuti akadumpha mzere ndidziwa, chifukwa maso anandithawa koma makutu alipo. A Tcheyamani musade nkhawa, khadi langa la chipani lili m'chikwama ndipo za ndale mulibe muno. Muli za m'nyumba mwanga basi.

Ndiyambe ndi ana, pakuti a Longwe ankayambira pomwepo ngakhale mutangowafunsa njira ya kudepoti. Woyamba ndi Overtoun, injiniya wa misewu. Misewu ina imene mwadutsamo pobwera kuno anayeza ndi iye, ndipo ngati penapake munagwera m'dzenje, pamenepo anayeza ena. Wachiwiri ndi Catherine, namwino, amene ana ambiri a Zolozolo anafikira m'manja mwake. Wachitatu ndi Martha. Anatisiya asanayambe sukulu, koma bambo ake sankalola kuti adumphidwe potchula ana, ndiye inenso sindimudumpha. Wachinayi ndi Herbert, amene amakwera mitengo ya telefoni mvula ikugwa kuti inu mabwana muzimvana. Wotsiriza ndi Hilda, mphunzitsi, ndipo mukumumva nokha.

Mawu awa ndalembetsa Lachitatu, koma ndikudziwa kale mmene ana anga aamuna akhalira lero. Overtoun ali kumapeto uko pafupi ndi a Meya, Herbert ali mbali inayo kuseri kwa kwaya. Ndi mmene akhalira chimwalirire bambo awo chaka chatha. Womanga misewu njira ya kwa mng'ono wake yamusowa, ndipo wokonza matelefoni nambala ya mkulu wake anaiwala. Moni amapatsana kudzera mwa alongo awo.

Nkhani yake ndi manda. Ife a kunyanja timati munthu akagone kwawo. Overtoun uthenga unamupeza mochedwa ali ku ntchito kummwera, ndipo anabwera ndi lole kuti atenge thupi la bambo ake kupita kwathu ku Chintheche, monga mwana woyamba ayenera kuchitira. Anafika manda atakumbidwa kale kuno ku Zolozolo, chifukwa a Longwe anauza ine ndi Herbert kuti agone kuno. Ankati kumanda a kwathu kwadzaza anthu amene anawagonjetsa pa milandu, ndipo sangawapatse tulo. Tinaseka, koma ankanena zoona. Overtoun anangoti tamusandutsa mlendo pa maliro a bambo ake. Mpaka lero pamanda palibe chiliza. Aliyense anagula simenti yake, ya Overtoun ili kuchipinda kwanga, ya Herbert ili kukhitchini, ndipo chinyezi cha Mzuzu chayamba kuiumitsa. Ine ndakalamba. Sindikufuna kupita kukakumana ndi a Longwe udzu uli pamutu pawo.

Overtoun, leka kuyang'ana nsapato. Ndikubwereranso kwa iwe.

Olemekezeka, munthu amene tikumukumbukira lero anakhala zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo zonsezo anazitha akuyankhula. Podzandifunsira, anayankhula kwa asibweni anga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mpaka asibweni anavomera kuti apeze mpata wokaona maukonde awo. Nkhondo ya Hitila itabuka analowa usilikali wa Keyala. Iwo ankati analowera dziko, mlongo wawo ankati analowera nsapato. Anafika ku Abisiniya, anafika ku Bama, koma mfuti sanaigwire kwambiri. Ntchito yawo inali yonyamula ovulala pa machira.

Kumeneko anawaphatikiza ndi msilikali wina amene anali atamenyana naye chifukwa cha fodya, ndipo awiriwo sankayankhulana. Koma machira sanyamula munthu mmodzi. Potsika phiri loterera mvula ikugwa, wakutsogolo saona wovulala, wakumbuyo saona pansi, ndipo mukakhala chete mumugwetsa munthu wa eni. Anayamba ndi kuuzana kuti tsitsa, kweza, pali muzu. Nkhondo pomatha anali kudyera mbale imodzi.

Atabwerako anakhala womasulira mawu m'khoti. Anaona kuti loya amayankhula kamodzi, iwo amayankhula kawiri, m'Chizungu ndi m'Chitonga, koma wopatsidwa mpando ndi loya. Anayamba maphunziro a papositi, ndipo pomakamaliza ku Mangalande imvi zinali zitayamba. Ine ndinatsala ndi ana, munda wa chinangwa ndi dengu la usipa. Choncho maloya amene muli pano, mukamatamanda digiri ya a Longwe, dziwani kuti mbali ina ikununkha nsomba.

Panyumba anali bambo wa ana ake. Ankasita okha mayunifolomu a sukulu mpaka mzere wa kabudula unkatha kudula chala. Lamulungu m'mawa ana ankaima pamzere ngati asilikali, iwo n'kumayendera makutu ndi zikhadabo. Mwana akadwala sankapita ku ofesi. M'khoti ankawina, koma mlandu wa m'nyumba mwathu sanawinepo ndi umodzi womwe, ndipo ankati jaji wa kumeneko anamukwatira okha, alibe womudandaulira.

Tsopano ndinene za bokosi. Pobwera kunkhondo anabwera ndi bokosi lachitsulo, lobiriwira, la zogwirira ziwiri, ndipo linkakhala pakhonde pathu ku Kaning'ina. Anthu apachibale akabwera kudzasumirana, a Longwe sankayamba ndi kumva mlandu. Ankaitanitsa onse awiri, n'kuwauza kuti mapepala ofunika ali m'bokosi, ndipo liyenera kulowa m'kachipinda ka ofesi kuseri kwa nyumba. Ankagwira m'chiuno n'kunena kuti msana wawo unatsala ku Bama. Kachipindako kanali ndi masitepe, khomo lake lopapatiza, moti mmodzi ankayenera kulowa chammbuyo.

Che Haruni a sitolo ya nsalu ali pano, ndipo malata a nyumbayi apereka ndi iwo, yewo chomene. Iwo analinyamula ndi mng'ono wawo pamene ankalimbirana sitolo ya bambo awo. Anafika pathu osayang'anana. Ine ndinali pazenera. Pa sitepe yoyamba aliyense ankakokera kwake. Pa yachiwiri bokosi linapendeka, Che Haruni n'kunena kuti, "Iwe, ukufuna kundipha?" Mng'ono wawo anayankha kuti, "Achimwene, kwezani mwendo, pali sitepe ina." Pomalitula anali thukuta lokhalokha, ndipo onse awiri anali kudandaula za munthu mmodzi, loya wopanda chisoni. A Longwe anaitanitsa tiyi. Mlandu sunafike kukhoti, ndipo sitoloyo mukuidziwa, ali onse mpaka lero.

Ine ndinkadandaula kuti loya wothamangitsa milandu ana ake adya chiyani. Ankandiyankha kuti abale akafika kwa jaji, mmodzi amatuluka ndi sitolo, koma onse awiri amatuluka opanda m'bale. Sikuti zinkatheka nthawi zonse ayi. Ena ankaliponya pansi n'kupita kukhoti akutsimphina. Banja lina linalilowetsa bwinobwino koma linatha ndithu. Koma ambiri ankabwerera kwawo pa basi imodzi.

Che Haruni, pepani, lero mumva. M'bokosimo munalibe pepala ndi limodzi lomwe. Munali njerwa. Madzulo a Longwe ankazitulutsa imodziimodzi, n'kubweza bokosi pakhonde, n'kuzilongedzanso, msana uja uli bwinobwino.

Ndikuthokoza mpingo chifukwa cha malo, achinyamata amene anaumba njerwa za nyumbayi, maloya amene mwawonjezera mabuku pa aja a malemu, ndi amayi amene munatunga madzi. Mwana wa ku Zolozolo amene kwawo kulibe tebulo adzakhala pano n'kuwerenga, ndipo zimenezo zikadawasangalatsa a Longwe kuposa mendulo zawo zonse. Mabuku alowa kale, mipando yalowa. Chatsala chinthu chimodzi. Bokosi lija lili pa galimoto panja apo, ndipo malo ake ndi m'katimo, pakona. Ine ndi Catherine tawonjezeramo njerwa zina, chifukwa anyamatawa anadya bwino.

Overtoun, vula jekete, upatse mkazi wako. Herbert, tuluka kuseri kwa kwaya. Apayoniya amene muli pakhomo, ndikudziwa kuti mumakonda kuthandiza, koma lero manja m'thumba. Amene alowe chammbuyo sindikuuzani, mugwirizane nokha. Masitepe ndinawayesa ndi ndodo yanga, ndi okwera bwino, ndipo khomo ndinapempha amisiri kuti asalikulitse.

Olemekezeka a Meya, mundikhululukire. Sizasi yodulira riboni ili m'chikwama changa, ndipo chikwama ndachikhalira. Mpunga wapsa, Fanta akuzizira, koma palibe akudya. Hilda sawerenga mzere wina mpaka bokosi litalowa. Amayi a kwaya, yambani nyimbo, koma motsitsa, ndikufuna kumva zimene akuuzana.

Ngati mukumva mawu awa, ndiye kuti bokosi lalowa, pakuti Hilda amandiopa ine kuposa a Meya. Sindikudziwa amene walowa chammbuyo, ndiponso sindikudziwa ngati zala zonse zilipo. Catherine aona zimenezo. Khalani pa benchi imodzi, ana anga, mupume, mumve amayi anu.

Overtoun, sunalakwe. Unachita zimene agogo ako akadachita, ndipo kufika pa maliro a bambo ako n'kupeza zonse zatha kale n'kowawa. Ndinaona nkhope yako tsiku lija, maso anga anali asanafooke chonchi. Herbert, nawenso sunalakwe kusunga mawu a bambo ako, koma ukadadikira mkulu wako kuti amve kuchokera pakamwa pako, osati kwa adzukulu okumba manda. Bokosi silithetsa mlandu, bambo anu ankadziwa zimenezo. Limangotsegula pakamwa. Zotsalazo mukamalize nokha kunyumba, tiyi ndiphika ine.

Tsopano, m'dzina la banja la a Longwe, ndi chilolezo cha olemekezeka onse amene mwadikira moleza mtima ndi njala, ndikulengeza kuti nyumba ya mabuku ya Amos Longwe yatsegulidwa. Ana alowe, awerenge, koma bokosi asalikhudze. Abale okangana a mu Zolozolo, abusa ali ndi kiyi.

Chomaliza ndi ichi, ndipo ndikuchinena pamaso pa a Tcheyamani, abusa ndi a Shehe kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Loweruka pa 4 Ogasiti banja lonse likumana kunyumba ku Kaning'ina, a ku Chintheche ndi a kuno, kenako tipita kumanda kukamanga chiliza. Overtoun abweretsa mchenga wa kunyanja kwathu, kuti ngati bambo ake sanapite kwawo, kwawo kubwere kwa iwo. Herbert abweretsa amisiri. Poyeza musiye malo anga pambali, osati patali. Ine ndi a Longwe tili ndi milandu ina imene sitinamalize.

Zikomo kwambiri, yewo chomene.