Mchere wa Pakhomo pa Shopu

Ine amene ndinayamba ndi njinga ya kabaza ku Kasungu, ndikadutsa ku Joni ndi ku Dublin, lero ndili ndi mavani atatu ku Manchester, ndaona zambiri, koma za ku Bolton izi ndimazifotokozabe. Tsiku limene wailesi inachenjeza za chisanu choopsa, ndinatsitsa thumba la mchere wosungunula ayezi pashopu ya a Hudson, mkulu wa mpingo amene amagulitsa ufa ndi usipa, ndipo ndinawapeza ataima pakhomo ndi akazi awo a Ennie, namwino wa kuwodi ya mafupa.

“Thumba limeneli silitsegulidwa,” anatero a Hudson, manja ali m'thumba la jekete.

A Ennie anayankha, “Limatseguka, bambo a Tupo. Pali kachingwe apa.”

“Ndikunena kuti pakhomo panga sipawazidwa mchere.”

“Payamba kale kuterera. Ikamakwana folo pakhala ngati galasi. Wina agwa.”

“Mukudziwa amene amawaza mchere pakhomo pa bizinesi kwathu?”

“Kwathu kulibe ayezi.”

“Ndiye chifukwa chake. Munthu wa mumpingo mwathu akadutsa, nkundiona ine ndawerama ndi mchere m'manja, adzati chiyani?”

A Ennie anaganiza kaye. “Adzati a Hudson akuwaza mchere.”

“Adzati ndikutsirika shopu. Lamulungu nkhani ili kale ku Newcastle.”

“Mukuitsirikadi. Kuti anthu asathyoke chiuno.”

“Tsitsani mawu, mayi a Tupo.”

A Hudson anasuzumira uku ndi uku mumsewu, kenako anakankha thumba lija ndi phazi kuti libisike kuseri kwa chitseko.

“Tithire madzi otentha,” iwo anatero.

“Azizira. Akazizira auma. Ayezi akhala wambiri kuposa pano, koma wosalala bwino.”

“Mchenga.”

“Uli momwemo. Mcherewu ndi wosakaniza, taonani.” A Ennie anakoka kachingwe kaja nkutapa pang'ono.

A Hudson anabwerera m'mbuyo. “Wofiira?”

“Wofiirira.”

“Mchere wofiira, pakhomo pa mkulu wa mpingo. Bwanji osangomangirira ndi nthenga za nkhuku?”

“Nthenga sizisungunula ayezi.”

“Ayi ndithu, sizisungunula.”

“A khansolo adutsa m'mawa ndi chigalimoto, awaza womwewu msewu wonse. Simunadandaule.”

“A khansolo sagawa mgonero.”

Mphepo inagwetsa chikwangwani cha mitengo ya ufa, a Ennie anachidzutsa.

“Chabwino,” anatero a Hudson. “Ndidzawaza mawa m'mamawa, anthu asanadzuke.”

“Nokha?”

“Ndekha.”

“Kudakali mdima?”

“Eya.”

“Muvale chikhoti chakuda chija, ndiye chofunda. Ndipo muziponyera mcherewo kumbuyo, mukuyenda chobwerera m'mbuyo, kuti muziponda powaza kale.”

A Hudson anawayang'ana nthawi yaitali. “Ndekha, mumdima, nditavala zakuda, ndikuyenda chafutambuyo.”

“Kuopa kugwa.”

“Zimenezo sizitheka ayi. Tichita masana, poyera. Koma ndiyambe ndaupempherera.”

“Mokweza?”

“Chamumtima. Milomo yokha.”

“Ndiye muima pakhomo, muzinong'ona, kwinaku mukuwaza. Zili bwino. Ndikugwirireni thumba?”

“Lisiyeni thumbalo.”

“Kapena ndilembe chikwangwani: Uwu si mankhwala.”

“Munthu wosalakwa salemba zotero.”

“Ndilembe kuti ndi mankhwala?”

“Musalembe kanthu, mayi a Tupo, chonde.”

“Sabata yatha kuwodi kwathu tinalandira anthu khumi ndi mmodzi. Onse anagwa pakhomo posawaza. Mmodzi anali m'busa.”

“Anachira?”

“Akuyenda ndi ndodo ziwiri.”

“Koma dzina lake ndi loyera.”

“Loyera. Talilemba pabedi.”

Nthawi imeneyo basi inaima pakona, ndipo munatsika mayi Mussa, a chigwirizano cha amayi, amene agula ufa kwa a Hudson zaka zisanu ndi chimodzi. A Hudson anakonza kolala, naimirira kutsogolo kwa thumba lija.

“Takulandirani, mayi. Usipa watsopano wafika.”

Mayi Mussa anaponda phazi limodzi pamalo oterera aja, analibweza, anagwira khoma. Anaweyula dzanja mwaulemu, kenako anawoloka msewu pang'onopang'ono nkulowa m'shopu ya a Namukolo, mayi wa ku Zambia amene amagulitsanso ufa womwewo.

“Alowa kwa a Namukolo,” anatero a Hudson.

“Alowa.”

“Ufa wa a Namukolo ndi wodula.”

“Wodula. Koma iwo awaza m'mawa.”

“Awaza chiyani?”

“Mchere. Womwewu.”

A Hudson anatambasula khosi. Pakhomo pa a Namukolo panali pofiirira. Panalowanso anthu ena awiri, mmodzi wa iwo mlembi wa mpingo wa a Hudson, atanyamula chikwama chogulira zinthu.

“A mlembinso?”

“Akutsata mchere.”

“Mukunena kuti makasitomala anga onse akupita uko chifukwa cha mchere?”

“Ndi zimene ndakhala ndikunena.”

“Awaza m'mawa, masana omwewo anthu akhamukira kumeneko.”

“Umagwira msanga.”

A Hudson anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

“Mayi ameneyu ndinkamukayikira kale,” anatero motsitsa mawu. “Wawaza wochuluka bwanji?”

“Mwina makapu anayi.”

“Anayi.” Anapinda manja a jekete, nakokera thumba lija poyera. “Ife tiwaza lonse. Ndipo muyambire pakhomo pakepo, mzere ubwere molunjika kuno.”